Masokosi a Miyendo Yotupa: Kasankhidwe ndi Kavalidwe Kake



Mayi anga akhala akugulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pamsika wa Lizulu kwa zaka zambiri. Ntchito imeneyi ndi yoimirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chaka chatha miyendo yawo inayamba kutupa madzulo aliwonse, ndipo kuseri kwa mawondo kunatuluka mitsempha yokhotakhota ngati mizu ya mtengo. Atawapima kuchipatala anawauza kuti azivala masokosi othina aja otchedwa compression stockings. Ine mwaphuma ndinathamangira pa kaunjika n'kugula ooneka bwino. Patapita masiku atatu ndinawapeza masokosiwo atamangira kukamwa kwa thumba la mbatata.

"Amayi, mwawavuliranji?" ndinafunsa.

"Mwanangu, kuvala kokhako ndi ganyu. Ndiye akandilowa amandidula pansi pa bondo ngati msampha," anandiyankha motero.

Wolakwa ndinali ine. Zimene ndaphunzira kuchokera tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna tigawane lero.

Magazi akafika kumapazi amayenera kukwera kubwerera kumtima. Amene amawakankha ndi minofu ya katumba munthu akamayenda, ndipo m'mitsempha muli titseko ting'onoting'ono toletsa magazi kubwerera pansi. Titseko timeneti tikafooka chifukwa cha ukalamba, uchembere, kunenepa kapena kuimirira nthawi yaitali, magazi amadikha kumiyendo ndipo imatupa. Sokosi yachipatala inalukidwa mwakuti imathina kwambiri pa akakolo, n'kumamasuka pang'onopang'ono pokwera m'mwamba. Choncho imathandiza magazi kukwera. Sokosi wamba yothina kukamwa imachita zosiyana ndi zimenezi, pakuti imatsekera magazi pansi.

Chinthu choyamba ndi kuonana ndi achipatala musanagule. Kutupa kwa miyendo yonse iwiri nthawi zina kumachokera ku mtima, impso kapena chiwindi, ndipo sokosi siichiza zimenezi. Amene ali ndi nthenda ya shuga, amene mapazi awo achita dzanzi, amazizira kapena ali ndi zilonda, asavale popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa ngati mitsempha yobweretsa magazi kumapazi yaphinjika kale, kuthina kungathe kuwononga phazi. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, n'kumatentha ndi kupweteka, pitani kuchipatala chachikulu cha Ntcheu tsiku lomwelo, mwina magazi aundana. Mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja, mutu n'kumamupweteka, athamangire kusikelo.

Chachiwiri ndi muyeso. Bwerekani tepi kwa telala ndipo muyeze m'mawa mutangodzuka, miyendo isanatupe. Yezani malo atatu: pamene mwendo wachepetsetsa pamwamba pa akakolo, pamene katumba wakula kwambiri, ndi kutalika kuchokera pachidendene kufika pansi pa bondo. Lembani papepala ndipo mupite nacho ku famase, kapena mupatsire m'bale wopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Pabokosi pamakhala manambala osonyeza mphamvu ya kuthina kwake. Olembedwa 15-20 mmHg ndi ofewa, oyenera kutupa pang'ono ndi maulendo. Olembedwa 20-30 ndi a mitsempha yotuluka, ndipo 30-40 ndi olamulidwa ndi dokotala yekha. Kwa anthu ambiri olekeza pansi pa bondo ndi okwanira, savuta kuvala ngati ofika m'ntchafu. Sokosi yofewa imene munthu akuivala tsiku ndi tsiku iposa yamphamvu imene yagona m'sutikesi. A pa kaunjika asiyeni, chifukwa muyeso wake ndi wa mwendo wa munthu wina ndipo lasitiki yake mwina inatha kale.

Chachitatu ndi kavalidwe. Valani m'mawa miyendo isanatupe, khungu lili louma. Mafuta odzola pakani usiku, osati povala. Vulani mphete, ndipo zikhadabo zikhale zowenga. Pisani dzanja m'kati mwa sokosi, gwirani chidendene chake, itembenuzeni mpaka pamenepo. Lowetsani phazi, khazikani chidendene pamalo pake, kenaka muzikweza pang'onopang'ono osaikoka kukamwa. Magolovesi a mphira otsukira mbale amathandiza kuigwira ndi kusalaza makwinya. Ngati mwagula yotsegula kuzala, valani kaye jumbo kuphazi kuti sokosi itsetsereke, mukatha solorani jumboyo kutsogolo. Sokosi ilekeze zala ziwiri pansi pa bondo, ndipo musaipinde kukamwa ngakhale italike, chifukwa mpindowo ndiwo umasanduka msampha umene amayi anadandaula nawo. Usiku vulani. Zala zikachita dzanzi kapena kusintha mtundu, vulani msanga. Chapani pamanja ndi sopo wamba, yanikani pamthunzi. Ovalidwa tsiku ndi tsiku amatha mphamvu pakapita miyezi 3 mpaka 6.

Nkhaniyi ikukhudzanso apaulendo. M'chaka cha 2007 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza zotsatira za kafukufuku wake: kukhala pampando maola 4 kapena kuposerapo, kaya m'ndege, m'basi kapena m'galimoto, kumachulukitsa pafupifupi kawiri chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha, ngakhale kuti zimagwera munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 6,000. Ganizirani ana athu opita ku Johannesburg pabasi kudzera ku Tete ndi Beitbridge, ulendo woposa tsiku lathunthu, komanso makolo athu opita ku Hajj. Okalamba, oyembekezera ndi amene angochitidwa opaleshoni afunse achipatala za masokosiwa asananyamuke. Paulendo imwani madzi, gwedezani mapazi, ndipo tsikani muwongole miyendo basi ikaima.

Funso limene amayi anandifunsa pomaliza ndi la wudhu. Kuvula ndi kuvala sokosi yotere kangapo patsiku ndi chintchito kwa munthu wamkulu. Chilolezo chopaka madzi pamwamba pa khufu, masokosi achikopa aja, n'chodziwika: tsiku limodzi usana ndi usiku kwa amene ali pamudzi, masiku atatu kwa wapaulendo, malinga wavala ali ndi wudhu wathunthu ndipo akakolo aphimbika. Pa masokosi opyapyala maulama amasiyana maganizo, ndipo a Shafi'i amafuna chovala cholimba chosalowa madzi msanga. Njira imene tinapeza kwathu ndi iyi: amayi amachita wudhu wa swala ya Fajr, amapukuta mapazi, amavala sokosi yachipatala, pamwamba pake n'kuvala khufu, ndipo tsiku lonse amapaka pa khufuyo. Amene vuto lake ndi losiyana akafunse Sheikh wa pamzikiti wake.

Lero mdzukulu wawo ndiye amawathandiza kuvala, ndipo ntchitoyo siitenga nthawi. Mitsempha ija siinachoke, pakuti sokosi siichotsa mitsempha, koma madzulo amabwera kuchokera kumsika nsapato zikuwakwana. Ngati pakhomo panu pali kholo lodandaula miyendo, litengereni kuchipatala, ndipo tepi ya telala ikhale pafupi.

Tidzakumanenso m'kope likudzali, Insha Allah.