Nzeru Zopanda Mwambo Ndi Chiphe pa Yunivesite

Pali anthu ena, ophunzira bwino ndithu, amene amati wophunzira akathyola makompyuta a pa yunivesite ndiye kuti waonetsa luntha, ndipo ayenera kuomberedwa m'manja. Maganizo otere ndi owola, ndipo ayenera kudzudzulidwa poyera.

Anthu amenewa akumbuke zimene zidachitika ku America pa 2 November 1988. Tsiku limenelo Robert Tappan Morris, wophunzira wa pa Cornell University, adatulutsa pa intaneti pulogalamu yodzichulukitsa yokha. Sadaitumize kuchokera pa sukulu yake ai. Adadzera pa kompyuta ya ku MIT pofuna kuti asadziwike. Kodi munthu wochita zabwino amafufutanso mapazi ake?

Pulogalamuyo inkalowa m'makompyuta a eni podzera m'zofooka za mapulogalamu a sendmail ndi finger, ndiponso poyesa mapasiwedi osavuta kulota. Choipitsitsa chidali chakuti ngakhale ipeze kuti idalowamo kale, kamodzi pa maulendo 7 alionse inkadzibzalanso momwemo. Makina adalemedwa mpaka kuima. Akatswiri amati makompyuta pafupifupi 6,000 adakhudzidwa, pa nthawi imene onse olumikizidwa pa intaneti adali ngati 60,000 okha. Ntchito ya aphunzitsi ndi ofufuza osalakwa idaima kwa masiku.

Morris adadziteteza ponena kuti sadafune kuononga kanthu. Bwalo la milandu silidamvere zimenezo. Mu 1990 lidampeza wolakwa potsata lamulo la 1986, ndipo adalamulidwa kukhala zaka 3 akuyang'aniridwa, kugwira ntchito yothandiza anthu kwa maola 400, ndi kulipira chindapusa cha madola 10,050. Akuluakulu adanena kale kuti nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi.

Tsono phunziro lake ndi ili: kompyuta ya pa yunivesite ndi chitsime cha mudzi wonse. Wotayira zinyalala m'chitsime sapulumuka ponena kuti amangosewera. Wophunzira wobwereketsa pasiwedi yake, wosuzumira makalata a mnzake, kapena wotha intaneti ya sukulu pa makanema pamene anzake akusowa potumizira ntchito ya m'kalasi, akubera gulu, ngakhale atavala taye.

Kuno ku Malawi makina a m'mayunivesite a boma amagulidwa ndi msonkho wa mlimi ndi wa mayi wogulitsa pamsika, ambiri a iwo osakhudzako kompyuta chibadwire. Ndiponso lamulo lilipo. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kulowa m'kompyuta popanda chilolezo ndi kufalitsa mavairasi.

Wophunzira waluntha akaona pofooka m'makina, apite kwa owayang'anira akawauze. Kumeneko ndiye kukhulupirika. Nawo akuluakulu a mayunivesite alembe malamulo omveka, awaphunzitse kwa ongolowa kumene, ndipo alange wophwanya mosayang'ana nkhope. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.