Injini yamakono m'galimoto yakale: wamalonda wa ku Wenya ayambe wawerengera

Nyengo yokolola ikafika, wamalonda wa ku Wenya m'boma la Chitipa amakhala ndi nkhawa ziwiri: mtengo wa nyemba ndi chimanga, komanso galimoto yoti ifikitse matumbawo kumsika. Msewu wochokera ku Chitipa boma kudzera ku Chisenga, Wenya mpaka ku Nthalire mbali yaikulu ukadali wafumbi, ndipo galimoto zomwe zimaupirira ndi zakalekale: ma Land Cruiser, ma Hilux ndi timalole ta Canter kapena Dyna. Thupi la galimotozi limalimba, koma injini imatopa. Imayamba kufuka utsi, kumwa oyilo ndi kulephera zitunda.

Apa mwini galimoto, yemwe nthawi zambiri anaigula atasunga ndalama kwa zaka, amalangizidwa kuti achotse injini yakaleyo n'kuikamo yamakono yoyendera kompyuta. Amauzidwa kuti imakoka kwambiri ndipo imamwa mafuta pang'ono. Zimenezi n'zoona. Koma kwa munthu wa ku Wenya, injini yabwino ndi imene makaniko wa pa Chitipa angaikonze lero, mawa galimoto n'kubwerera pamsewu.

Kusintha injini sikunayambe lero. Mu 1962 katswiri wa mpikisano wa galimoto wa ku America, Carroll Shelby, anatenga kagalimoto kopepuka ka ku Britain kotchedwa AC Ace n'kuikamo injini ya Ford V8. Panabadwa Cobra, galimoto yaliwiro yomwe mpaka pano makampani ena a ku South Africa amapanga zofanizira zake, ogula n'kumaikamo injini zamakono. Koma mu 1965, pofuna kuikamo chiinjini cha malita 7, Shelby ndi anzake sanangochiponya m'thupi lakale lija. Anakonza chasisi ina ya mapaipi akuluakulu, n'kusinthanso masipuling'i. Anadziwa kuti mphamvu ikachuluka, zonse zoinyamula ziyenera kusintha.

Mwini Cobra ndi munthu wandalama. Galimoto yake ikakhala mwezi m'galaja, palibe mwana wogona ndi njala. Wamalonda wa ku Wenya galimoto ikaima sabata ziwiri nthawi yokolola, ooda anzake amasesa nyemba zonse m'midzi, ngongole ya ku banki m'khonde n'kumakula.

Cholakwika choyamba ndi kuwerengera mtengo wa injini yokha. Injini ya mtundu wina siingolumikizana ndi giyabokosi yakale. Pamafunika kuwotcherera zomangirira zatsopano, kusintha kilachi, kupeza rediyeta yokwana, nthawi zina kudula kapena kutalikitsa shafuti. Injini yamphamvu ikakumana ndi difu yotopa, difuyo ndiyo imayamba kuthyoka. Mabuleki nawo amakhala omwe aja, pomwe dalaivala wayamba kuthamanga ndi kupachika katundu wochuluka poti galimoto ikukoka. Pa chitsetse, ndi anthu atakhala pamwamba pa matumba, imeneyo ndi ngozi.

Chachiwiri ndi kompyuta. Injini za dizilo zakale, monga 1HZ ya malita 4.2 yomwe Toyota inayamba kuika mu Land Cruiser mu 1990, kapena 3L ya malita 2.8 ya mu Hilux, zimayendera pampu ya zitsulo zokhazokha. Makaniko wa sipanala amaimva ndi khutu n'kudziwa chavuta. Injini zamakono, monga za D-4D, zimalamulidwa ndi kabokosi ka kompyuta, mawaya ambirimbiri ndi masensa. Zambiri siziliza popanda kiyi wake weniweni. Sensa imodzi ikafa, pamafunika makina opimira, ndipo wodziwa kuwagwiritsa ntchito angafunike kuitanidwa kuchokera ku Karonga kapena ku Mzuzu. Thiransipoti yake, chakudya ndi malo ogona zonse zimagwera mwini galimoto.

Chachitatu ndi mafuta. Dizilo akasowa pamapampu, monga zakhala zikuchitikira m'dziko muno, oyendetsa galimoto kumidzi amadalira wa m'zigubu. Dizilo wotere akhoza kukhala ndi fumbi, madzi ngakhalenso palafini. Injini yakale imatsokomola koma imapitirira. Ma injekita a injini yamakono ali ndi timabowo tating'onoting'ono ndipo sachedwa kuwonongeka. Kugula anayi atsopano kukhoza kudya ndalama yonse yomwe munthu ankati wapulumutsa pa mafuta chaka chathunthu.

Masipeya onsewa amachokera kunja, ndipo amafuna ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chitsulo chilichonse chodutsa pa Dar es Salaam, Tunduma kapena Songwe chinakwera mtengo. Sipeya ya injini yofala imapezeka ngakhale ya kaunjika, yochotsedwa pa galimoto ina yakufa. Ya injini yachilendo imafuna kuitanitsa ndi kudikira.

Sikuti injini yamakono ndi yoipa. Kwa munthu woyenda tsiku ndi tsiku pa tala wa Karonga–Chitipa kapena kutsikira ku Mzuzu, yemwe amathira mafuta pampu ndipo ali pafupi ndi magalaja okhala ndi makina, kupulumutsa dizilo pa ulendo uliwonse ndi phindu looneka. Vuto limabwera munthu akatengera za mnzake wa m'tauni osayang'ana msewu wa kwawo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho wofuna kusintha injini ayambe wafunsa ngati yakaleyo singaphwasulidwe n'kuikidwa maring'i, mabering'i ndi magasiketi atsopano. Ikakhala kuti yatheratu, njira yosavuta ndi kugula ya mtundu womwewo, chifukwa imangokhala pamalo pake popanda kuwotcherera. Apite ndi makaniko wake, injiniyo ilizidwe iye akuona, ayang'ane utsi, oyilo ndi madzi. Akasankhabe yamakono, agule zonse pamodzi kuchokera pa galimoto imodzi: injini, giyabokosi, kompyuta, mawaya ndi kiyi. Kutolera chimodzichimodzi kwa ogulitsa osiyana ndiko kumagoneka galimoto pa njerwa miyezi ingapo. Ntchitoyi aigwire nthawi yomwe malonda achepa, osati mbewu zitayamba kale kutuluka m'minda.

Mapepala nawo asaiwalike. Injini iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo nambalayo inalembedwa m'kaundula wa nthambi ya Road Traffic. Wogula atenge lisiti yolembapo nambala ya injini, pamodzi ndi zikalata za MRA ngati yachokera kunja, kenako akasinthitse zolemba za galimotoyo. Kupanda kutero, vuto lidzatulukira pokatenga COF, pa rodibuloko kapena pogulitsa galimoto. Injini yotchipa yopanda mapepala ikhoza kukhala yakuba, ndipo apolisi akaigwira, wogula amataya injini ndi ndalama zomwe. A inshuwalansi nawonso auzidwe, kuopa kuti angadzakane kulipira ngozi itachitika.

Mavenda omwe alibe galimoto nkhaniyi ikuwakhudzanso, chifukwa ndiwo amalipira pa thumba lililonse. Asanapereke ya thiransipoti, ndi bwino kufunsa anzawo kuti galimotoyo yagona panjira kangati chaka chino. Matimati ndi nthochi sizidikira makaniko wochokera ku Mzuzu.

Mwini galimoto asanatulutse ndalama adzifunse mafunso atatu: ikafa pakati pa Wenya ndi Chisenga adzaikonza ndani, sipeya yake idzachokera kuti, ndipo idzafika patatha masiku angati. Ngati mayankho ake sakumveka, injini yakale ija iyambe yaonedwanso ndi makaniko.