Kujambula woimba wotchuka m'malo ang'onoang'ono

Kujambula woimba wotchuka ali m'kabala kakang'ono, kuti anthu adzamuonere pa wailesi yakanema, kumasiyana kwambiri ndi kujambula shoo ya ku Comesa Hall kapena ku Robin's Park. M'malo achisangalalo a ku Chemusa, Mbayani ndi Chirimba, m'mbali mwa msewu wopita ku Chileka, denga limakhala lamalata, nsanja yofupika, ndipo wovina amatha kukhudzana mapewa ndi woimba gitala. Kupanikizanaku kumasautsa ojambula, komanso n'komwe kumapatsa chithunzi moyo.

Phindu la kujambula pafupi lidaoneka kale kuno kwathu. Mu 1967, Gerhard Kubik wa ku Austria adajambula filimu ya Daniel ndi Donald Kachamba, anyamata a ku Chileka, akuimba gitala ndi chitoliro. Nthawiyo dziko lino linalibe wailesi yakanema, poti Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999. Daniel adamwalira mu 1987, koma mmene zala zake zinkayendera pa nsambo zikuonekabe. Ku America nako, Elvis Presley adadzutsanso mbiri yake mu 1968 pamene wailesi ya NBC idamujambula atakhala pa kansanja kakang'ono, anthu atamuzungulira.

Ntchito imayamba masana, bala isanadzaze, ndipo choyamba ndi mawu. Woonera amapirira chithunzi chogwedezeka, koma mawu akaphokosera amasintha siteshoni. M'chipinda chamalata besi imagunda khoma n'kubwerera, n'kumeza mawu a woimba, choncho maikolofoni ya pa kamera sidalirika. Mawu amatengedwa ku mikisa, ndipo ngati zipangizo zilola, chida chilichonse chimajambulidwa pachokha kuti chidzakonzedwe bwino pambuyo pake. Apa ambiri amaiwala chinthu chimodzi: maikolofoni yoloza kwa anthu. Bandi ngati Black Missionaries ikamaimba, khamu limalandira nyimbo n'kuimaliza lokha. Mawu a khamulo akasowa, woonera amaona pakamwa pali yasa koma osamva kanthu, ndipo theka la shoo latayika.

Makamera atatu amakwana. Imodzi imaikidwa kumbuyo pamalo okwera kuti ione nsanja yonse, ina imayang'ana nkhope ya woimba, yachitatu imayenda pamapewa a wojambula kutsata ng'oma, zala za pa gitala ndi mapazi a ovina. Mababu ofiira ndi abuluu amene eni mabala amakonda amakongola m'maso, koma pa kanema amafufuta nkhope, ndiye pamafunika nyali yoyera yofewa kutsogolo kwa woimba. Jenereta imaikidwa patali kuti kulira kwake kusalowe m'nyimbo, ndipo ojambula ochenjera amailiza kuyambira pachiyambi, osadikira kuti magetsi azime nyimbo ili pakati.

Pali nkhani ya ulemu ndi malamulo. Munthu wobwera kudzamwa ndi kuvina sanabwere kudzaonekera ku dziko lonse, choncho pakhomo payenera kukhala chidziwitso choti usikuwo kukujambulidwa. Woimba, bandi, mwini malo ndi wailesi agwirizane polemba za mwini kanemayo ndi kangati adzaulutsidwe. Oimba zida, amene nthawi zambiri amangolandira ya usiku umodzi, asaiwalidwe m'pangano limenelo. Bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limatolera ndalama za eni nyimbo zikaulutsidwa.

Pokonza kanemayo pamakhala chiyeso chochotsa mawu a usikuwo n'kuikapo a mu situdiyo. Kuchepetsa phokoso n'koyenera, koma kusinthiratu mawu n'kunamiza woonera, chifukwa kusasa kwa mawu a woimba pa nyimbo yomaliza ndi mbali ya zimene zidachitika. Ikatha ntchito, kanema wathunthu, ngakhale zigawo zimene sizinaulutsidwe, amasungidwa pa mahadi diraivi awiri m'malo osiyana, atalembedwa tsiku, malo ndi mayina a onse amene adaimba.