Mpira wa pamalire usayezedwe ndi zigoli zokha

Pa 6 April chaka chilichonse, mayiko amakumbukira tsiku la masewera olimbikitsa chitukuko ndi mtendere, lomwe bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2013. Kwa alimi a ku Milange, nkhani ya mtendere ndi yapakhomo. Nkhondo yapachiweniweni isanathe pa 4 October 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ena mwa iwo kudzera m'malire a Zambezia. Kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho zinathamangitsanso mabanja a ku Morrumbala n'kukafika ku Nsanje ndi Chikwawa.

Mpira uli kale ndi mbali yake pa ubale wa mayiko awiriwa. Osewera a ku Malawi, monga John Banda, asewerapo m'matimu a Moçambola ngati Ferroviário de Nampula ndi UD Songo. Mu December 2022, achinyamata a ku Mozambique anakapikisana ku Lilongwe pa masewera a Region 5. Koma zimenezi zimachitikira kutali ndi mlimi wa nandolo amene amawoloka pa Muloza ndi njinga yake.

N'chifukwa chake mpikisano wa matimu a m'midzi ya Milange ndi Mulanje ungapindule kwambiri, ukayendetsedwa bwino. Komiti yake ikhale ndi anthu a mbali zonse, kuphatikizapo mafumu ndi amayi. Oyimbira azichokera uku ndi uko. Ndalama zolowa ndi zotuluka, kaya ndi meticais kapena makwacha, zilengezedwe pagulu. Masewera achitike anthu atakolola, osati nthawi yopalira. Akuluakulu a pachipata adziwitsidwe msanga, kuti osewera asamadutse njira zachidule. Mpira wa atsikana nawo ukhale ndi mphotho yake.

Chovuta kwambiri ndi kuyeza phindu. Kuchuluka kwa oonera sikutanthauza kuti pali mtendere, chifukwa mpikisano woyendetsedwa mokondera ungathe kuyambitsa ndewu m'malo moithetsa. Mafunso oyenera amabwera miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi chikho chitaperekedwa. Kodi mbuzi kapena njinga ikabedwa n'kuwolotsedwa, mafumu a mbali ziwirizi amaimbirana foni? Kodi mikangano ya sikelo pamsika wa chimanga yachepa? Kodi achinyamata amene anasewera limodzi akuchezeranabe?

Mayankho ake safuna katswiri wochokera ku Quelimane. Kope limodzi kwa mfumu, lolembamo milandu ya pamalire mpikisano usanayambe komanso utatha, lingaonetse ngati zinthu zasintha.

Namondwe Freddy, yemwe anawononga minda mbali zonse mu March 2023, sanasankhe kuti uyu ndi wa dziko liti. Pa tsoka ngati limenelo, ubale womangidwa pabwalo la mpira ndi umene ungathandize kuti uthenga wochenjeza uwoloke mtsinje msanga.