ZA M'MAIKO ENA: Azimai a ku Ireland anasintha lamulo poyenda khomo ndi khomo

Dziko la Ireland siliri lacilendo kwa anthu ambiri a m'Zambia, pakuti ansembe ndi masisitere ocokera kumeneko akhala akuphunzitsa ana ndi kusamala odwala m'mamishoni kwa zaka zambiri. Koma ndi owerengeka amene adziwa za mlandu umene unagawanitsa mabanja m'dziko limenelo kwa zaka 35, ndiwo mlandu wa kucotsa mimba.

Kucotsa mimba kunali koletsedwa kumeneko kuyambira kale. M'caka ca 1983 anthu anaponya voti, nalemba m'malamulo akulu a dziko kuti mwana wosabadwa ndi mai wace ali ndi ufulu wolingana wa kukhala ndi moyo. Anthu awiri mwa atatu ali onse oponya voti anabvomereza mau amenewa, ndipo kucokera pamenepo Nyumba ya Malamulo inalibenso mphamvu yomasula ciletsoco popanda kufunsanso anthu onse.

Komabe lamulo silinathetse bvuto. Azimai okhala ndi ndalama anali kukwera ndeke kapena sitima yapamadzi kunka ku England, oposa 3,000 caka ciri conse, ndipo pobwera anali kukhala cete cifukwa ca manyazi. Osauka anali kusowa kolowera. M'caka ca 1992 khoti linaletsa mtsikana wa zaka 14, amene anatenga mimba atagwiriridwa, kuti asacoke m'dziko. Anthu anakwiya kwambiri, ndipo khoti lalikulu linasintha ciweruzoco.

Cimene cinatsegula maso a ambiri ndi imfa ya Savita Halappanavar, dotolo wa mano wocokera ku India, wa zaka 31. Mimba yace ya masabata 17 inali kupita padera m'cipatala ca mu mzinda wa Galway. Iye anapempha kuti aicotse, koma anamkaniza popeza mtima wa mwana unali kugundabe. Matenda analowa m'magazi, ndipo anamwalira pa 28 October 2012.

Azimai ndi azibambo amene anafuna kuti lamulo lisinthe anazindikira kuti kulira kokha sikuwinitsa masankho. Anayamba tumabungwe m'matauni ndi m'midzi, ndipo caka ciri conse anali kuguba mu mzinda wa Dublin. Boma linaitana anthu wamba 99 kuti amve umboni wa madotolo, akatswiri a malamulo ndi azimai eni ace, ndipo mu April 2017 msonkhanowo unalangiza kuti lamulo lisinthidwe.

Mu March 2018 mabungwe oposa 70 anagwirizana pansi pa dzina limodzi la Together for Yes. Nchito yao yaikulu inali kuyenda khomo ndi khomo madzulo ataweruka ku nchito, opanda malipiro. Anali kugawana misewu, kulemba nyumba zimene afikako, ndi kukumbutsa anthu, makamaka anyamata ndi atsikana, kuti alembetse maina m'buku la oponya voti. Pakhomo anali kufunsa mwini nyumba maganizo ace, namvetsera, nayankha mofatsa. Azimai amene anasunga cinsinsi zaka zambiri anayamba kuuza makolo ndi abale ao zimene zinawacitikira, kotero kuti nkhani imene inali kuoneka ngati ya anthu akutali inapezeka kuti ndi ya mwana wa m'nyumba momwemo.

Otsutsa nawonso sanagone. Mabungwe monga Save the 8th ndi Love Both anayenda m'makomo omwewo kunena kuti mwana wosabadwa ndi munthu woyenera kutetezedwa, ndipo mabishopu a Katolika analangiza akhristu kuti akane.

Tsiku la masankho linali 25 May 2018. Anthu a ku Ireland okhala m'maiko ena, amene anali akali ndi ufulu woponya voti, anabwerera kwao cifukwa ca tsiku limeneli. Obvomereza anali 1,429,981 ndipo okana anali 723,632. Ambiri anali kuganiza kuti anthu a kumidzi adzakana, koma cigawo ca masankho cimodzi cokha, ca Donegal, ndico cinakana. Kuyambira pa 1 January 2019 mai angathe kupempha kucotsa mimba yosapitirira masabata 12, atadikira masiku atatu ciwonanire ndi dotolo.

M'Zambia lamulo la 1972 lilola kucotsa mimba m'cipatala ngati moyo kapena thanzi la mai liri pangozi, ndi pa zifukwa zina zolembedwa m'lamulomo, koma pafunika madotolo atatu kubvomereza, kupatula pa ngozi yadzidzidzi. Kumidzi madotolo atatu sapezeka pamodzi kawirikawiri, ndipo anthu ambiri salidziwa lamuloli.

Anthu aganiza mosiyana pa nkhani imeneyi, ndipo yense ali ndi cikumbumtima cace. Cimene a ku Ireland anasonyeza ndi cakuti mlandu wobvuta ngati uwu suweruzidwa ndi akulu a boma okha ai. Unakambidwa pamakomo, pakati pa anthu odziwana, ndipo pomaliza unathera m'bokosi la mavoti.