Ndege ya Chiwale Si Masanje

Ndapempha malo pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndiyankhe mau amene ndakhala ndikuwamva kuyambira tsiku lija ndinaonetsa ndege yanga ya chiwale. Ena anaiyamikira, koma ambiri anaseka nati, "Mnyamata wa Fomu 3, ndebvu zayamba kale kumera, ali kuchitabe masanje!" Mkulu wina anaonjeza kuti nthawi imene ndinataya pa chidole chimenechi ikanandipindulira ndikanaithera pa mabuku. Mau amenewa sindinawanyoze ai, ndawalingalira masiku ambiri. Koma ine ndikuti kupanga chifanizo cha chinthu motsata miyeso yache yeni-yeni, ndi kulimbikira kufikira chitatha, ndi phunziro ndithu, ndipo liyenera kupatsidwa malo pa sukulu pano.

Kwathu ndi ku mapiri a Ntchisi. Tiri ana tinali kupanga magalimoto a mawaya ndi a mapesi monga anachitira ambiri a inu, koma ndege tinali kungoiona patali ngati kabawi. Tsiku lina ndiri pa ulendo wa ku Lilongwe, basi yathu itapitirira Mponela ndi kuyandikira Lumbadzi, ndinaona ndege iri kutsika kukatera pa bwalo la Kamuzu. Inali pafupi kotero kuti ndinaona ndi mawilo omwe. Pobwerera ku sukulu ndinafotokozera aphunzitsi athu a sayansi maonekedwe ache, ndipo iwo anandionetsa chithunzi nati ndege ya mtundu umenewo ndi Q400, mtundu umodzi mwa imene kampani ya Malawian Airlines inayamba nayo maulendo m'chaka cha 1914 ai, koma cha 2014, pakuti ine poyamba ndinalemba molakwa m'kope langa ndipo anandiseka.

Ndege yoyamba ndinaisema mongoyerekeza ndi maso, m'masiku atatu okha. Thupi lache linatupa ngati chinangwa, mapiko anafupika, ndipo mnzanga wa bedi loyandikana ndi langa anati ikufanana ndi mlamba. Sanali kunama. Pamenepo ndinazindikira kuti diso limanyenga, koma lula sanyenga. Ndinabwerera kwa aphunzitsi aja ndipo anandipezera miyeso: kutalika kwa ndegeyo ndi mamita 32.8, ndipo kuchokera ku nsonga ya phiko limodzi kufika ku nsonga ya linzache ndi mamita 28.4. Ndinasankha kuti sentimita imodzi pa chifanizo changa iimire masentimita 50 a ndege yeni-yeni, monga momwe sikelo imagwirira nchito pa mapu. Nditagawa ndinapeza kuti thupi liyenera kutalika masentimita 65.6, mapiko masentimita 56.8. Masamu amenewa tinawaphunzira tiri Fomu 1, koma ndinena zoona, tsiku limenelo ndilo loyamba limene ndinaona phindu lache.

Ndinajambula ndege yonse pa pepala la timizere, poiona cham'mbali, chapamwamba ndi chakutsogolo, ndisanagwire mpeni. Chiwale ndinabwera nacho kuchokera kumudzi pa chuti, chouma bwino, chopepuka, chosabvuta kusema ndi lezala. Mawilo asanu ndi limodzi ndinawadula ku patapata wakutha. Mapulopela awiri ndinawadula ku chitini, ndipo apa ndipo panali thukuta, pakuti pulopela iri yonse ya ndege imeneyi iri ndi masamba 6. Kuti masambawo atalikirane mofanana ndinayenera kuyesa madigiri 60 pakati pa tsamba ndi linzache, m'kabwalo ka masentimita 8 okha. Ndinaononga zitini zinai.

Posema ndinayamba kufunsa mafunso amene sindikanafunsa pongowerenga buku. Chifukwa ninji phiko liri lonenepa kutsogolo, lopyapyala kumbuyo, ndi lokhota pamwamba? Yankho ndilo lakuti phiko lotere, likamathamanga litapendekeka pang'ono, limakankhira mpweya pansi, mpweya wa pamwamba pache supanikiza kwambiri ngati wa pansi, ndipo ndege imanyamuka. Nanga chifukwa ninji mapiko a ndege iyi ali pamwamba pa thupi? Ndinadzionera ndekha: pulopela ndi yaikulu, yoposa mamita 4, ndipo mapiko okwezeka amaithandiza kukhala kutali ndi nthaka. Dzanja likagwira, mutu umafunsa.

Nchito yobvuta koposa inali yotsiriza. Kusema kunanditengera milungu itatu, koma kusalaza, kumata ndi kupaka utoto kunatenga miyezi iwiri. Ndinamata mapepala pa thupi lonse ndi phala la ufa wa chinangwa kuti mabowo a chiwale atsekeke. Usiku umodzi makoswe anamva fungo la phalalo nadya mchira wonse. M'mawa mwache ndinafuna kuiponya ku dzala, koma ndinakumbukira mau a agogo anga akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinasemanso mchira wina, ndinapaka utoto woyera katatu, kudikira kuti uume ndi kusalaza ndisanapakenso, ndipo mazenera ndinawalemba limodzi-limodzi ndi nthenga ya nkhuku. Anzanga, kuyamba chinthu ali yense akhoza. Taonani makope athu, masamba oyamba olembedwa bwino-bwino, akumapeto ali mbuu. Taonani dimba lija tinaliyamba ndi nyimbo teremu yatha. Matenda athu ndi kusatsiriza, ndipo ine mankhwala ache ndinawapeza pa mchira wodyedwa ndi makoswe.

Tsono amene amanena za nthawi ali ndi mfundo, ndipo sindibisa kulakwa kwanga. Madzulo ena ndinali kusema m'nthawi yowerenga, ndinagwidwa, ndipo ndinalandira chibalo chokumba dzenje la zinyalala. Chibalocho chinandiyenera. Makolo athu amagulitsa fodya, soya ndi mbatata kuti atilipirire sukulu, ndipo mayeso a Fomu 4 sadzafunsa za chiwale. Koma funso langa ndi ili: ndinali kusemera mobisala chifukwa ninji? Chifukwa nchito ya manja iribe nthawi yache kapena malo ache. Mpira uli ndi tsiku lache, kwaya iri ndi tsiku lache, koma wofuna kupanga kanthu amabisala ngati wakuba.

Amene amati izi nzachibwana aone mbiri. Wilbur ndi Orville Wright, amene anaulutsa ndege yao pa 17 December 1903 ku America, anali anthu okonza njinga. Chidwi chao chinayamba ndi kachidole kouluka ka nsungwi ndi mapepala kamene atate ao anawabweretsera ali ana. M'chaka cha 1901 anapanga bokosi lopitamo mphepo nayesamo timapiko tating'ono ta maonekedwe osiyana-siyana pafupi-fupi 200, asanapange mapiko akulu. Ulendo wao woyamba unali wa masekondi 12 okha. Ndipo tisapite kutali. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, loyandikana ndi lathu lino, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anayamba wapanga kamakina kakang'ono koyesera, kenaka anamanga makina a mphepo opanga magetsi ndi zitsulo zotola ndi ziwalo za njinga. Anthu anati wapenga. M'chaka cha 2014 anatsiriza maphunziro ache ku Dartmouth College ku America.

Ndiponso za ndege siziri kutali ndi ife monga timaganizira. M'chaka cha 2017 boma lathu pamodzi ndi UNICEF anatsegula ku Kasungu malo oyeserako tindege topanda munthu m'kati, timene anthu amati madironi, ndipo m'chaka cha 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindege timeneti. Kodi amene adzagwira nchito zotere adzachokera kuti, ngati ife tichita manyazi kugwira lula ndi mpeni? M'mera mpoyamba.

Chifukwa chache ndikupempha mwaulemu kwa a Hedimasitala ndi aphunzitsi athu zinthu zitatu. Choyamba, maora awiri Loweruka masana akhale a onse ofuna kupanga zinthu ndi manja, anyamata ndi atsikana omwe, kaya ndi ndege, mlatho, chigayo kapena nyumba. Chachiwiri, tipatsidwe kabati imodzi yotseka bwino imene makoswe sangalowemo. Chachitatu, mphunzitsi mmodzi atiyang'anire, ndipo lamulo likhale lakuti munthu asagwire mpeni asanaonetse chojambula chache ndi miyeso yache, ndiponso asayambe chinthu chachiwiri choyamba chisanathe. Zipangizo sitipempha, chiwale, nsungwi ndi mawaya tidzabwera nazo tokha.

Ndege yanga siuluka, ndipo sindinaipange kuti iuluke. Iri pa bokosi langa, yolendewera ku chingwe. Amene anaiseka ndikumuitana abwere ndi lula wache adzaiyese, ndipo akapeza cholakwa andiuze, ndidzamthokoza. Pambuyo pache atenge chiwale chimene chinanditsalira, ayese yache.

Mnyamata wa Fomu 3