Malire a kwa Mkanda: muyezo usaphonye

Mlimi wa kwa Mkanda ku Mchinji atamva kuti malire a munda wake akukhudzana ndi nyanja yamchere, akhoza kuseka. Nyanja yake iti, poti dziko lino silinafike kugombe? Komatu ife tikuti nkhaniyi siyoseketsa ayi.

Malire a Malawi ndi Zambia, omwe atsamunda a ku Britain adakonza mu 1891, kuderali satsata mtsinje. Amatsata msana wa mtunda pomwe madzi a mvula amagawikana: otsikira mu Rusa ndi Bua mpaka ku Nyanja ya Malawi ali kwathu, olowera ku Luangwa ali kwa anzathu. Paphiri msanawu ngoonekeratu, koma pamalo athyathyathya umapezeka pokhapokha atayeza kukwera kwa nthaka mosaphonya.

Tsono kukwera kumene timawerenga pa mapu kumayambira pamwamba pa madzi a nyanja yamchere. Vuto nlakuti madziwo sakhazikika. M'magombe ambiri amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku kaamba ka mphamvu ya mwezi ndi dzuwa. Nchifukwa chake akatswiri amawayeza kwa zaka 19 kuti apeze pakatikati poyambira.

Nanga mbali ino akayambira pena, tsidya linalo nkuyambira penanso, chichitike nchiyani? Pophatikiza mapuwo, msana uja ukhoza kusuntha papepala. Munthu nkudzuka m'mawa kumva kuti dimba lake, chitsime ndi manda a makolo zili m'dziko la eni. Apite kwa mfumu iti? Chitupa akatenge kuti?

Mu 1964 atsogoleri a mu Africa adagwirizana ku Cairo kulemekeza malire omwe adawapeza, ndipo mu 2007 bungwe la African Union lidakhazikitsa ndondomeko yoti malirewo aikidwe zizindikiro zooneka. Zonsezo nzabwino, koma chipilala chozikidwa pamalo olakwika ndi mlandu wa mawa.

Choncho tikupempha boma kuti akatswiri athu oyeza malo ndi a ku Zambia nthawi zonse aziyambira pamuyezo umodzi, azikonza zipilala zogumuka, ndiponso azifotokozera mafumu ndi anthu awo m'chilankhulo chomwe amamva. Nafenso anthu akumalire tisamazule zipilalazi pofuna kukuza munda.

Achewa ndi Angoni a ku Mchinji ndi a ku Chipata ndi pachibale, amakwatirana ndi kuikana maliro. Asadane chifukwa cha kuphonya kwa muyezo. Paja madzi saiwala khwawa. Oyeza angowatsata bwino.